Mfuti za nkhondo ya m'tchire ku Tete: G3, AK-47 ndi zida zina, ndi chifukwa chake zinasankhidwa

Pa mbendera ya Moçambique, yomwe inayamba kugwira ntchito pa 1 Maio 1983, pali buku, khasu ndi mfuti ya AK-47. Khasu ndi mfuti zimakumananso m'minda yathu. Mlimi wa ku Chifunde, Macanga, Marávia, Tsangano kapena Changara akamagalauza munda watsopano, nthawi zina khasu limagunda kachitsulo: chikhungwa cha chipolopolo, magazini yodyeka ndi dzimbiri, mwinanso bomba lomwe silinaphulike. Zinthuzi ndi zotsala za nkhondo zitatu zomwe zinadutsa m'chigawo chino pakati pa 1964 ndi 1992: nkhondo yomenyera ufulu, nkhondo ya Rhodesia yomwe inkasefukira kuno, ndi nkhondo ya zaka 16. Nkhani ino ikufotokoza mfuti zomwe asilikali oyenda pansi ankanyamula, chifukwa chake mbali iliyonse inasankha zomwe inasankha, ndi zoyenera kuchita mukazipeza lero.

Tchire la Tete ndi lotani kwa msilikali

Mabuku a usilikali akamanena za nkhondo ya m'nkhalango, kawirikawiri amatanthauza nkhalango zowirira za mvula yosatha monga za ku Burma, Malaya ndi Vietnam. Tchire la Tete ndi lamtundu wina. M'chigwa cha Zambezi muli mitengo ya tsanya, milambe ndi minga, ndipo mu Outubro ndi Novembro kutentha kumapitirira madigiri 40. Kumpoto, chakumalire a Zambia ndi Malawi, kuli mapiri ndi nkhalango za miombo, kenaka mtunda wozizira wa Angónia.

Tchireli lili ndi nkhope ziwiri. M'dzinja udzu umatalika kuposa munthu, mitsinje imadzaza, ndipo mnzako amene ali mamita 20 patsogolo sumuona. M'chilimwe masamba amayoyoka, moto wolusa umasesa udzu, munthu amaoneka ali patali, koma fumbi limalowa paliponse ndipo madzi amasowa. Mfuti yoyenera kuno inkafunika kupirira matope miyezi ina ndi fumbi miyezi ina.

Zomwe ankaziyang'ana posankha mfuti

Choyamba chinali mtunda womenyanirana. Nkhondo ya m'tchire sinali ya magulu awiri oimirana poyera. Inali yolalirana panjira, pamadooko ndi pazitsime. Kuomberana kunkayamba mwadzidzidzi, adani ali pafupi, ndipo kunkatha m'mphindi zochepa. Mfuti yolasa kutali kwambiri sinkapeza mpata woonetsa luso lake.

Chachiwiri chinali kulemera. Msilikali ankayenda masiku angapo atasenza mfuti, zipolopolo, madzi ndi chakudya. Kilogalamu iliyonse yopita ku zipolopolo inkachotsedwa ku madzi.

Chachitatu chinali kudalirika. Mfuti yokakamira pamene mdani ali pafupi ndi ndodo chabe.

Chachinayi chinali kuphweka: kodi mnyamata wochokera kumunda angaphunzire kuiphwasula, kuitsuka ndi kuibwezeretsa m'masiku angati?

Chachisanu, chomwe kawirikawiri chinkaposa zonse, chinali gwero: ndani akupatsa mfutiyo, ndipo zipolopolo zake zidzachokera kuti mawa? Magulu ambiri sankasankha ngati munthu wogula pamsika. Ankalandira zomwe abwenzi awo anali nazo.

Kale mfuti zamakono zisanafike

Chigwa cha Zambezi chinadziwa mfuti kalekale. Achikunda a m'maprazo ankasaka njovu ndi kumenya nkhondo ndi mfuti za gogodela, zothira wonga kukamwa. Ku Massangano, pafupi ndi pomwe Luenha amathira mu Zambezi, Bonga anagonjetsa magulu a nkhondo a Apwitikizi kangapo pakati pa 1867 ndi 1869 ali m'linga lake la mitengo. Gogodela inkachedwa kuthira ndipo wonga ukanyowa inkakana, koma amisiri a m'midzi ankatha kuikonza okha.

Abale athu a kutsidya kwa malire ndi omwe anaiona nkhalango yeniyeni. Asilikali a ku Nyasaland a gulu la King's African Rifles, pamodzi ndi a ku Northern Rhodesia, anamenya nkhondo ndi Ajapani ku Burma mu 1944, ndipo m'zaka za m'ma 1950 anatumizidwanso ku Malaya. Mfuti yawo inali Lee-Enfield ya zipolopolo za .303, yokoka ndi dzanja chipolopolo chilichonse. Angerezi ataona kuti mfuti yaitali ikukodwa m'ziyangoyango, mu 1944 anatulutsa mtundu wina wofupikirapo ndi wopepukirapo, wotchedwa No. 5. Inkanyamulika bwino, koma popeza chipolopolo chinali chomwecho, inkakankha phewa kwambiri. Phunziro lake linali lakuti kufupikitsa mfuti kokha sikukwanira ngati chipolopolo sichinachepetsedwe mphamvu.

G3, mfuti ya tropa ya Chipwitikizi

Nkhondo itabuka ku Angola mu 1961, asilikali ambiri a Portugal anali akadali ndi mfuti zakale za Mauser, zokoka ndi dzanja. Boma la Salazar linafunafuna mfuti yatsopano mwachangu. Linagula FN FAL za ku Belgium, ndi AR-10 zomwe zinapita kwa asilikali odumpha pa ndege, koma yomwe inakhazikika ndi G3 ya kampani ya Heckler & Koch ya ku West Germany.

Chifukwa chachikulu chinali cha ndale. Maiko ambiri ankadzudzula nkhondo za Portugal mu Africa, ndipo mu Julho 1963 khonsolo ya chitetezo ya bungwe la United Nations inapempha maiko kuti asamapatse Portugal zida zoponderezera anthu a m'maiko omwe inkalamulira. Ajeremani analola kuti G3 izipangidwa ku Portugal komweko, pa fakitale ya Braço de Prata mumzinda wa Lisboa. Mfuti yopanga wekha palibe angakumane.

G3 ndi yaitali kupitirira pang'ono mita imodzi, imalemera makilogalamu opitirira 4 yopanda zipolopolo, ndipo magazini yake yowongoka imalowa zipolopolo 20 za mtundu wa 7,62x51, womwe ndi wa maiko a NATO. Chipolopolochi ndi champhamvu: chimaboola nthambi ndi mitengo ing'onoing'ono, ndipo chimalasa bwino mpaka mamita 400. M'chilimwe, tchire likayera, umenewu unali mwayi. Koma mphamvu yomweyo inkachititsa kuti mfuti idumphe m'manja ikamaombedwa mosalekeza, ndipo zipolopolo 20 zinkatha msanga. Asilikali ankamangiriranso pakamwa pake chipangizo chotchedwa dilagrama, choponyera bomba la m'manja patali kuposa pomwe mkono ungafike.

AK-47 ndi abale ake

Nkhondo ya FRELIMO inayamba pa 25 Setembro 1964 ku Chai, m'chigawo cha Cabo Delgado. Poyamba zida zinali zosakanikirana, zakale ndi zatsopano, chilichonse ndi chipolopolo chake. Pang'onopang'ono zida za ku Soviet Union, China ndi maiko a kum'mawa kwa Ulaya zinachuluka. Panali SKS, yomwe ena ankaitchula Simonov, ya zipolopolo 10 ndi mpeni wopinda kunsi kwa mpope. Panali PPSh yakale ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, yomwe asilikali a Chipwitikizi anaipatsa dzina loti costureirinha chifukwa kulira kwake kunkamveka ngati makina osokera. Ndipo panali AK-47.

Mfutiyi anaikonza Mikhail Kalashnikov, ndipo asilikali a Soviet Union anailandira mu 1949. Mu 1959 kunatuluka mtundu wopepukirapo wotchedwa AKM, ndipo China inkapanga yake yotchedwa Type 56. Kwa ife zonsezi ndi AK basi. Ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 88. Magazini yake yokhota imalowa zipolopolo 30 za 7,62x39. Kukula kwa mutu wa chipolopolo ndi kofanana ndi kwa G3, koma chikhungwa ndi chachifupi ndipo wonga ndi wochepa. Choncho sichifika patali ngati cha G3, ndipo kupyola mamita 300 sichidalirika kwenikweni, koma mfuti imagwirika bwino ikamaombedwa motsatizana.

Mbiri ya AK yagona pa kapangidwe kake. Zitsulo zake zam'kati zili ndi mpata wokwanira, moti mchenga ndi matope pang'ono siziimitsa. Ziwalo zake ndi zochepa ndi zazikuluzikulu, zosasowa msanga mu udzu, ndipo imaphwasulidwa popanda sipanala. Kwa gulu lopanda malo okonzera zida, lolemba anyamata ndi atsikana a kumudzi ndi kuwaphunzitsa miyezi yochepa ku Nachingwea m'dziko la Tanzania, zimenezi zinali zofunika kuposa kulasa patali.

Amerika anaphunzira zomwezi ku Vietnam. Anasiya M14, ya chipolopolo chofanana ndi cha G3, natenga M16 yopepuka ya chipolopolo chaching'ono cha 5,56. Koma mu 1967 asilikali anadandaula kwambiri kuti M16 ikukakamira pankhondo, chifukwa wonga unasinthidwa ndipo ambiri sanapatsidwe zotsukira. Mfuti yopepuka inapambana pa mfundo ya kulemera, koma inayenera kukonzedwanso kuti ipirire chinyezi.

Kusiyana kwake mwachidule

Chipolopolo chimodzi cha G3 chimalemera pafupifupi magalamu 25, cha AK pafupifupi magalamu 16. Zipolopolo 200 za G3 ndi makilogalamu 5, pamene 200 za AK ndi makilogalamu atatu ndi pang'ono. Kwa munthu woyenda pansi kuchokera kumalire a Zambia mpaka ku Zambezi, kusiyanaku ndi botolo lalikulu la madzi.

Zikhungwa zopezeka m'munda zimatha kukuuzani yemwe anaombera pamenepo. Cha G3 ndi chachitali, mamilimita 51, kawirikawiri cha mkuwa, ndipo chimakhala ndi timizere totsika m'mbali tomwe mfutiyo imasiya. Cha AK ndi chachifupi, mamilimita 39, chosongokera kutsogolo, ndipo nthawi zambiri ndi chachitsulo, n'chifukwa chake chimachita dzimbiri. Kusongoka komweku ndi komwe kumakhotetsa magazini ya AK.

Bazuka, morteiro ndi mina

Mfuti ya m'manja sinali yokha. Gulu lililonse linkakhala ndi mfuti yachiwaya yowaza zipolopolo zambiri: mbali ya Apwitikizi MG42 ndi HK21, mbali ya FRELIMO RPD ya lamba wa zipolopolo 100. Bazuka, makamaka RPG-2 ndi RPG-7, inkapatsa munthu mmodzi mphamvu yoimitsa galimoto ya Berliet kapena Unimog. Morteiro wa mamilimita 60 ankanyamulidwa ndi anthu ochepa, pamene wa 82 ankagawidwa patatu, mpope, miyendo ndi mbale yapansi, aliyense n'kusenza chake.

Koma chida chomwe asilikali a Chipwitikizi ankachiopa kwambiri pamisewu ya Tete chinali bomba lokwirira pansi, lomwe kuno timati mina. Panali zophulitsa magalimoto monga TM-46, ndi zodula mwendo wa munthu monga PMN ndi PMD-6, yomwe bokosi lake ndi lathabwa. Magalimoto a nkhondo ankayenda pang'onopang'ono kumbuyo kwa asilikali otchedwa picadores, omwe ankabaya nthaka ndi ndodo zachitsulo phazi ndi phazi. Ulendo wa maola ochepa unkatha tsiku lathunthu. Nawo Apwitikizi anakwirira mabomba ambirimbiri kuzungulira Cahora Bassa poteteza ntchito yomanga damu, yomwe inayamba mu 1969, ndipo boma la Rhodesia linatchera ena m'malire ake ndi Tete.

Zida zinkafika bwanji kuno

FRELIMO inatsegulanso nkhondo ku Tete mu Março 1968. Zida zinkatsika padoko la Dar es Salaam, komwe kunali likulu la komiti ya bungwe la OUA yothandiza omenyera ufulu, n'kudutsa m'dziko la Zambia pagalimoto mpaka kumalire, kudera la Chifombo. Kuchokera pamenepo galimoto inali mutu wa munthu. Amuna ndi amayi a m'midzi, pamodzi ndi a Destacamento Feminino lomwe linakhazikitsidwa mu 1967, ankasenza mabokosi a zipolopolo ndi mabomba usiku, kuwoloka mitsinje pa mabwato. Mkulu wa asilikali Kaúlza de Arriaga atachita Operação Nó Górdio ku Mueda mu 1970, FRELIMO inaonjezera mphamvu ku Tete, inawoloka Zambezi, ndipo mu 1972 inafika ku Manica e Sofala.

Apwitikizi anali ndi misewu, ndege ndi mahelikopita a Alouette III, ndipo bwalo la Chingodzi, kufupi ndi Matundo, linali malo awo a ndege za nkhondo. Apa ndi pomwe pali kusiyana kwenikweni kwa mfuti ziwirizi. G3 inali ya msilikali wokhala ndi kampu ndi galimoto kumbuyo kwake. AK inali ya munthu yemwe zonse zili pamutu ndi pamsana.

Njira zomwezi zinagwiranso ntchito kwa ankhondo a ZANLA a ku Zimbabwe, omwe anadutsa m'chigawo cha Tete n'kukaukira famu ya Altena ku Centenary pa 21 Dezembro 1972. Asilikali a Rhodesia, omwe mfuti yawo yaikulu inali FN FAL, ankawatsatira mpaka kuno, ndipo mu Novembro 1977 anaukira makampu a Chimoio ndi Tembwe.

Yemwe analipira ndi mlimi

Njovu ziwiri zikamamenyana umavutika ndi udzu. Pofuna kulekanitsa FRELIMO ndi anthu osenza zida ndi kupereka chakudya, Apwitikizi anasonkhanitsa mabanja m'midzi yotchingidwa yotchedwa aldeamentos, kutali ndi minda ndi manda a makolo. Pa 16 Dezembro 1972, makomando a Chipwitikizi pamodzi ndi apolisi achinsinsi a DGS anapha anthu osachepera 385 ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, makilomita pafupifupi 30 kumwera kwa mzinda wa Tete. Dziko lonse linamva nkhaniyi mu Julho 1973 kudzera mwa wansembe Adrian Hastings m'nyuzipepala ya The Times ya ku London. Mu Setembro 2022 nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, inapepesa ili ku Maputo.

Mfuti inkanamizanso. Kulira kwa AK ndi kosiyana ndi kwa G3, ndipo anthu a m'midzi anaphunzira kusiyanitsa. Podziwa zimenezi, magulu apadera monga Selous Scouts a Rhodesia ankanyamula ma AK olanda ndi kuvala ngati adani awo. Pa nkhondo ya zaka 16, asilikali a boma ndi a RENAMO onse ankagwiritsa ntchito AK, moti kulira kwa mfuti sikunkauzanso munthu kothawira. Anthu oposa 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ambiri a iwo ochokera ku Tete, ndipo ena anakakhala ku Ukwimi ku Zambia, komwe nthawi imeneyo kunali m'boma la Petauke.

G3 sinaluze nkhondo ndipo AK sinaipambane payokha. Nkhondo ya atsamunda inatha asilikali a ku Portugal atagwetsa boma lawo pa 25 Abril 1974, kenaka mgwirizano wa Lusaka pa 7 Setembro 1974. Ya zaka 16 inathera patebulo ku Roma pa 4 Outubro 1992.

Mfuti zinapita kuti

Kulimba komwe kunapangitsa AK kukondedwa ndi komwe kwaisandutsa vuto. Ikapakidwa mafuta n'kukulungidwa bwino imakhala pansi zaka zambiri. Asilikali a ONUMOZ anasonkhanitsa zida pakati pa 1992 ndi 1994, koma zambiri zinatsala m'maenje ndi m'mapanga, ndipo zina zinagwera m'manja mwa akuba ng'ombe, achifwamba ndi opha njovu m'maiko onse oyandikana nafe.

Kuyambira 1995 apolisi a Moçambique ndi a South Africa ankafukula ndi kuononga nkhokwe za zida pa ntchito yotchedwa Operação Rachel. Chaka chomwecho Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi bishopu Dinis Sengulane, linayambitsa Transformação de Armas em Enxadas: wobweza mfuti ankalandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata. Zina mwa mfutizo amisiri a ku Maputo anazidula n'kuwotcherera zosema, ndipo mpando wa mfuti wa Cristóvão Canhavato uli ku British Museum mumzinda wa London.

Ntchito yochotsa mabomba okwirira inatenga zaka zoposa 20. Bungwe la Ajuda Popular da Noruega linagwira ntchito zaka zambiri ku Tete, HALO Trust inachotsa mabomba oposa 171,000 m'dziko lonse, ndipo APOPO inagwiritsa ntchito abwampini ophunzitsidwa kununkhiza wonga. Pa 17 Setembro 2015 boma linalengeza kuti minda yonse ya mabomba yomwe inkadziwika yayeretsedwa. Mawu oti yomwe inkadziwika ndi ofunika kuwamvetsa: bomba la morteiro lomwe linagwa osaphulika, kapena dzenje la zida lomwe mwini wake anamwalira osaulula, sizili pa mapu a aliyense. Madzi osefukira amathanso kukokolola zinthuzi n'kuzisiya pamalo pomwe kale panali pabwino.

Mukapeza chida m'munda

Musachigwire, musachisunthe, musachigogode ndi khasu. Kukalamba sikupha bomba. Dzimbiri limangolipangitsa kuphulika mosavuta.

Bwererani potsata mapazi anu omwe. Mukafika patali, ikani chizindikiro chooneka, monga nthambi zopingasa kapena nsalu pamtengo, kuti ena asapondepo.

Dziwitsani a mfumu, secretário wa mudzi kapena apolisi omwe ali pafupi. Ngati munda uli m'malire, dziwitsani akuluakulu a mbali yomwe chinthucho chili, ndipo musachiwolotse.

Musatenthe tchire pamalopo, ndipo musaponye zipolopolo pamoto. Musagulitse zinthu zotere kwa ogula zitsulo zakale, kapena kuzisandutsa belu, mafuwa ndi nyundo. Uzani ana ndi abusa a mbuzi ndi ng'ombe, chifukwa ndi omwe amafika malo omwe akuluakulu safikako.

Mfuti ya nkhondo siloledwa kwa munthu wamba, kaya ku Moçambique, ku Malawi, ku Zambia kapena ku Zimbabwe, ndipo kuisunga m'nyumba kapena m'nkhokwe ndi mlandu waukulu. Ngati mukudziwa pomwe zida zinakwiriridwa nthawi ya nkhondo, njira yabwino ndi kupita kwa apolisi pamodzi ndi a mfumu kapena mtsogoleri wa mpingo, kuti odziwa ntchitoyo abwere adzazichotse.